Loko Wokana Kiyi Wake

Chinsapo, 28 Marichi 2005

Mwana wanga Zulaikha,

Asalamu alaikumu. Ndine bambo ako Mwamadi. Dzanja ndi la a Weston, amene amagulitsa mabuku akale pafupi ndi benchi yanga yodulira makiyi kumsika, koma mawu ndi anga. Ndawauza kuti alembe pang'onopang'ono monga ndikulankhuliramu. Kaya iwe uli bwanji ku Durban uko? Ife kuno tilipo.

Za mchimwene wako Shafiq unamva pa foni. Tinamuika tsiku lomwelo, pa 9, dzuwa lisanalowe. Usadandaule kuti sunabwere, ngakhale ukanakwera ndege ukanapeza tafotsera kale. Zinazi sindikanatha kunena pa foni ya pa byuro, chifukwa mayi wa pamenepo makutu ake ndi aatali kuposa waya.

Nkhani ndi ya mlamu wako Fatimah. Shafiq anadwala zaka ziwiri, matenda aja anthu safuna kutchula. Anatha tikuona, mpaka ine nkhalamba ndinkamunyamula ndekha. Mkazi wakeyu anakhala naye zaka zisanu ndi chimodzi, chipinda chimodzi, mbale imodzi. Koma mpaka lero ngakhale kutsokomola, ayi. Masaya ali see. Kamwana kawo nakonso kali bwinobwino. Anandionetsa pepala la kuchipatala loti alibe kachilombo. Ine pepala sindiwerenga, ndipo ndikudziwa kuti m'tauni muno pepala lililonse limapezeka.

Azakhali ako a Mwanabibi akuti munthu sagona pamoto n'kudzuka wosapsa, pokhapokha ngati motowo anakoleza ndi iye. Akuti ankafuna nyumbayi. Ine sindinanene kuti ndi zoona. Sindinanenenso kuti ndi zabodza. Ndangoika loko watsopano pachipinda cha Shafiq, muli mapepala a nyumba ndi makina osokera, kiyi ndili naye m'thumba. Fatimah akugona pabalaza ndi mwana.

Panopa ali mu eda, miyezi inayi ndi masiku khumi amene wamasiye amakhala m'nyumba osatuluka. Ikutha pa 17 Julayi. Tsiku limenelo abale adzakumana, ndipo ambiri akufuna abwerere kwawo ku Ntaja ndi zovala zake zokha. Makolo ake anatha, koma si ife tinawatsiriza.

Iwe paja umaphunzira za mankhwala. Chaka chachitatu chino sindidziwa chimene umachita. Tandiuza, kodi zoterezi zimachitika popanda dzanja la munthu? Undiyankhe msanga.

Bambo ako,
Mwamadi

Durban, 16 Epulo 2005

Ababa,

Wa alaikumu salamu. Kalata yanu ndalandira. Ndakhala ndikulira ndekha kuno, anzanga a mu labu sadziwa n'komwe kuti achimwene anali ndani. Inu mukudya? Mwendo uja ukutupabe?

Mwafunsa za ntchito yanga. Thupi lathu linapangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timati maselo. Selo lililonse lili ndi khoma lolizungulira, ndipo pakhomapo pali timaloko tambirimbiri. Kanthu sikalowa kapena kupereka uthenga m'katimo ngati kalibe kiyi wokwana. Kachilombo kamene kanatenga achimwene kali ndi kiyi wa timaloko tiwiri ta pa maselo a m'magazi. Ife tikuphunzira mmene kamodzi mwa timalokoti kanapangidwira. Tikufuna mankhwala amene angakhale ngati kiyi wolowa mu loko koma osatembenuka, n'kukakamira momwemo, kuti kachilombo kakabwera kapeze malo atatsekeka. Tayesa mazanamazana, ambiri salowa n'komwe.

Inde Ababa, alipo anthu amene amakhala zaka ndi mnzawo wodwala koma osatenga. Ndi ochepa, ndipo ife timawafuna kwambiri, chifukwa mwina maloko awo amakana kiyiyo. Magazi a alamu angatiuze zambiri. Kuchipatala chachikulu m'tauni kuli gulu la madokotala amene timagwira nawo ntchito, akulemba anthu otere. Dzina la mnzanga wa kumeneko ndalemba kuseri kwa pepalali. Ngati alamu avomera okha, apite akaonane naye.

Chonde musachite kalikonse mpaka ndilembenso. Ndalemba mothamanga, tili ndi alendo odzaona ntchito yathu sabata ino.

Mwana wanu,
Zulaikha

Chinsapo, 9 Meyi 2005

Mwana wanga Zulaikha,

Moni. Mwendo ukutupa madzulo okha. Chimanga chaka chino sichinachite bwino, kumunda kwathu kuja tapeza matumba awiri.

Kalata yako a Weston anandiwerengera katatu. Wachita bwino kubisa mawu, podziwa kuti idutsa m'maso mwa ena. Koma ine ndamva. Ukufuna magazi ake akayesedwe kuti choonadi chituluke. Sukulu yako sinapite pachabe.

Ndinapita kwa Shehe kukafunsa ngati wamasiye angatuluke eda isanathe. Anati za chipatala zimaloledwa. Ndiye Lachiwiri tinakwera minibasi, iye kumbuyo ndi azakhali ako, ine kutsogolo. Dokotala uja anamutengera m'chipinda yekha n'kumamufunsa ngati wabwera mwa kufuna kwake. Ine ndinali panja, koma chitseko sichinatsekeke bwino. Anayankha kuti inde. Anamutapa timabotolo tinayi, ndinaona ndekha akutuluka nato m'kabokosi.

Tsopano za maloko. Apa mwana wanga walowa m'munda mwanga, ndiye undimvere. Ine ndadula makiyi kuyambira ndili ku Limbe, iwe usanabadwe. Loko sakana kiyi wake yekha. Munthu akandiitana kuti loko wakana, ndimatenga kawaya n'kusokosa m'kati, ndipo ndimapezamo kanthu. Kamtengo ka machesi, kachidutswa ka kiyi wina, phula, nthawi ina mpaka mchenga. Ndipo zinthu zimenezi sizilowa zokha. Pamakhala amene waika.

Ndiye ndakhala ndikuganiza. Iwe ukuti mukufunafuna mankhwala otseka loko, ndipo azungu ako onsewo sanawapeze. Ukutinso maloko a Fatimah akukana kiyi. Ndiye kuti iyeyu mankhwalawo ali nawo kale. Anawapeza kuti, sindidziwa, kwawo kuja kuli anthu odziwa mitengo. Anadzitsekera yekha, n'kumaonerera mwana wanga akutha osamugawirako. Kaya anamudwalitsa ndi iye kaya ayi, chimenechi chokha n'chokwana.

Ndawauza azakhali ako kuti adikire, magazi ali m'manja mwako. Ukaona chimene anaikamo, ulembe dzina lake momveka kuti ndidzalitchule pamaso pa abale.

Bambo ako,
Mwamadi

Chinsapo, 12 Meyi 2005

Alamu,

Asalamu alaikumu. Ndine Fatimah. Pepani ndalemba Ababa osadziwa. Kalatayi akandiponyera mayi Zipora oyandikana nafe, ndi okhawo amene amalowabe m'nyumba muno.

Ndifunse mosabisa. Magazi anga munawafuna kuti atani? Dokotala anandiuza kuti ndi ofufuzira mankhwala, kuti mwina adzathandiza ena kutsogolo. Ndinavomera ndi mtima wonse, ndikuganiza za malemu. Koma titabwera, azakhali anayamba kuuza aliyense kuti magazi anga apita kukhoti ku Joni. Mayi Zipora akuti pa kiyosiki ya madzi nkhani ndi imeneyi. Wina akuti, “Ameneyo waonekera, makina sanama.” Dzulo azakhali anandipeza ndikusenda mbatata, n'kuima pakhomo, amvekere, “Idyani amayi, idyani, masayawo mukafike nawo ku Ntaja.” Ndinangopitiriza kusenda.

Pali zimene sindingathe kuwauza Ababa. Ndi apongozi, ngakhale madzi ndimawapatsa nditagwada, nkhope kumbali. Ndiyambira pati? Achimwene anu anakayezetsa okha mu 2002, atabwera ku ulendo wa ku Beira. Anandiuza tsiku lomwelo akulira. Anandiperekeza kukayezetsa, ine ndi mwana. Atamva kuti tilibe anagwada pakhonde la chipatala anthu akuona. Kuyambira pamenepo ndi iwo amene ankanditeteza, mukudziwa chimene ndikunena. Za zaka zitatu zoyambazo sindidziwa, ndi Mulungu. Anandilumbiritsa kuti Ababa asadzamve kuti matendawo anawatenga pamsewu. Ankati zingawaphe.

Ine ndinawasambitsa, ndinawatembenuza, ndinawachapira zaka ziwiri. Kukanakhala mtengo wopulumutsa munthu ndikanaukumba ndi zikhadabo. Nyumba si imene ikundiliza, ngakhale ku Ntaja ndilibe pofikira. Koma sindikufuna mwana wanga akule akumva kuti amake anapha abambo ake.

Ngati nanunso mukundikayikira, ingondiuzani.

Mlamu wanu,
Fatimah

Chinsapo, 27 Juni 2005

Zulaikha,

Moni. Masabata asanu ndi awiri akwana, kubokosi la kumzikiti kulibe kalata yako. Ndapitako Lachisanu lililonse.

Poyamba ndinkati mwina yasochera. Kenako ndinayamba kukayikira a Weston, kuti mwina adiresi analemba molakwika. Akuseka pamene akulemba izi, koma ndawauza alembe. Tsopano ndaona kuti mwina chimene wapeza m'magazimo n'cholemera, ukusowa poyambira. Usaope mwana wanga. Ine ndaika mkazi, ndaika mwana. Palibe chimene chingandigwetse.

Ndinapitanso kwa dokotala uja ndekha. Anakana kundiuza kanthu, akuti za munthu amauza mwini wake. Ndiye wamlandu n'kukhala woyamba kumva chigamulo? Mwina anamugula.

Azakhali ako abwera ndi masaka awiri opanda kanthu oti alongezemo zovala zake. Akuti kukhala chete kwakoku ndi yankho. Ine ndati tidikire mpaka tsiku lake. Ukapanda kulemba, ndidzatenga kuti wavomereza.

Chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Kamwana kaja kayamba kunditsatira m'mawa mpaka pampanda, kakufuna kunyamula chikwama changa cha matupa. Kamayenda ngati Shafiq, phazi lamanzere kulozetsa kunja. Amake akapita, kapita nawo.

Bambo ako,
Mwamadi

Durban, 2 Juni 2005
(Inaperekedwa pamanja kwa a Asani ochita malonda, inafika ku Chinsapo pa 14 Julayi)

Ababa,

Moni. Kalatayi ndapatsira a Asani, akuti anyamuka mawa pa basi, ifika msanga kuposa ya papositi.

Ndikupempha mundikhululukire, ndilankhula ngati si mwana wanu. Kulakwa koyamba ndi kwanga, ndinalemba mothamanga. Palibe mawu amene ndinabisa. Magazi a alamu sali pa mlandu uliwonse. Ali mufiriji limodzi ndi a anthu ena ambiri, alibe ngakhale dzina, ali ndi nambala chabe. Ine sindidzadziwa n'komwe kuti awo ndi ati. Chigamulo chimene mukudikira sichidzabwera. Ndipo sindinanene kuti maloko awo akukana, ndinati mwina. Ena amapulumuka pa zifukwa zimene sitikuzidziwa mpaka lero. Mankhwala otseka loko palibe amene ali nawo m'nyumba, kaya ku Ntaja kaya kuno. Akanakhalapo ine ndikanakhala woyamba kuwabweretsa kwa achimwene.

Mwati loko sakana kiyi wake yekha. Ababa, mwaiwala? Ndili Sitandade 5 munagula katoni ya maloko khumi ndi awiri kwa mmwenye wina mumsewu wa Malangalanga. Tinakhala pamkeka, inu mukuyesa ine ndikulandira. Awiri anakana makiyi awo, atsopano, ochokera m'pepala. Munati mmwenyeyo wakuberani. Kenako munaphwasula mmodzi n'kundionetsa kachitsulo ka m'kati kamene kanatalika pang'ono kuposa tinzake. Munati, “Uyu palibe wamugwira, anabadwa choncho.” Winayo munamusunga m'chitini cha mabisiketi, munati tsiku lina mudzamupezera kiyi wake. Mawu amenewo ndi amene ndinabwera nawo kuno. Ntchito yanga yonse ndi imeneyo, kufufuza maloko amene anabadwa mosiyana.

Chinanso. Achimwene anandilembera ine mu 2002. Matendawo anawatenga pa maulendo a lole, asanadziwe. Sanafune kuti mumve. Alamu anawalumbirira ndipo asunga lumbirolo mpaka kulolera kutchedwa mfiti. Ine sindinalumbire, ndiye ndanena.

Mukawathamangitsa, mudzakhala mwathamangitsa munthu yekhayo amene sanamuthawe mwana wanu. Chitini chija ngati chilipo, katseguleni.

Mwana wanu,
Zulaikha

Chinsapo, 19 Julayi 2005

Mwana wanga Zulaikha,

Asalamu alaikumu. Uona kuti dzanja lasintha. Ndifotokoza, usandithamangitse.

A Asani ako aja anakakhala kwa mkazi wawo wachiwiri ku Balaka mwezi wathunthu, kalata ili m'thumba la jekete. Anabwera nayo Lachinayi, kutatsala masiku atatu, akuseka ngati abweretsa shuga. Usadzawapatsirenso ngakhale singano.

A Weston atawerenga ndinawalanda pepalalo. Ndinati awa awonjezera zawo, paja mkazi wawo amapemphera limodzi ndi mayi Zipora. Ndinapita nalo kwa Shehe osawauza kuti lawerengedwa kale. Mawu anatuluka omwewo, mpaka aja oti ulankhula ngati si mwana wanga. Shehe atafika pa za lole anasiya kuwerenga n'kundiyang'ana. Ndinati pitirizani.

Kenako ndinaganiza kuti pali amene wakudandaulira. Ndinatuma mayi Zipora kuti akamufunse Fatimah. Fatimah sanakane. Anati inde ndinalemba, ndipo ngati Ababa akufuna kumva zimene ndinalemba ndibwereza. Munthu wobisa mtengo sayankha choncho. Koma sindinakhutire.

Lachisanu nditachoka kumzikiti ndinafufuza chitini chija. Ndinachipeza pansi pa bedi, kuseri kwa zitsulo za njinga. Loko uja analimo, makiyi ake atatu akadali pa kawaya kawo. Ndinayesa woyamba, analowa, osatembenuka. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Ndinasokosa ndi kawaya, ndinapemerera, ndinagogoda pamwala. Munalibe kanthu. Ndinakhala pamenepo mpaka nthawi yopemphera swala inandipitirira. Zaka zonsezi ndakhala ndikuuza anthu kuti loko sakana yekha, chikhalirecho wokana yekha ndikugona pamwamba pake.

Za Shafiq sindinena zambiri. Ndinkaona akamabwera ku maulendo, mafoni ake ankalankhulira kuseri kwa bafa. Ndinaona, koma ndinasankha kuyang'ana kwina.

Lamlungu abale anadzaza pabwalo. Azakhali ako anakhala patsogolo, masaka aja atawapinda pamiyendo. Atayamba kulankhula za moto ndi kupsa, ndinatulutsa loko uja n'kuwapatsa pamodzi ndi makiyi ake.

Ndinati, “Achemwali, tanditsegulirani uyu.”

Anayesa, anayesa. Anati, “Mwaikamo chiyani inu?”

Ndinati, “Funso limeneli ndi limene ndakhala ndikufunsa miyezi inayi. Mulibe kanthu. Wina aliyense ayese.”

Anayesa amuna anayi, wina mpaka kutuluka thukuta. Azakhali ako anati, “Ife tabwerera za munthu, inu mukutionetsa zitsulo. Nanga magazi aja atinji?”

Ndinati magazi alibe mlandu, ali mufiriji akugwira ntchito imene ine ndi inu sitingaigwire. Anati mwana wanu wasukuluyo wakudyetsani chiyani. Ndinati wandidyetsa mawu anga omwe. Zinazo sindinawauze, za mwana wanga zikhale m'nyumba. Kenako ndinadzuka, ndinachotsa loko pachipinda cha Shafiq onse akuona, n'kunena kuti nyumbayi ndi ya Fatimah ndi mwana wake, wotsutsa akatsutsire kwa Shehe. Azakhali ako anapita osatsanzika. Masaka aja anasiya, ndiikamo makala.

Usaganize kuti zonse ndazimvetsa. Timaloko tako tosaonekato sindinatione, ndipo munthu amene amadula makiyi a loko amene sanamugwire m'manja ine ndimamukayikira. Ndakutumizira loko uja m'kaphukusi aka. Uwaonetse akuluakulu ako. Uwauze kuti kiyi woti alowe n'kukakamira amadulidwa mano onse bwinobwino kupatula lomaliza, limenelo umalisiya lalitali. Mwina amadziwa kale. Ungowauza.

Tsopano za dzanja. Akulemba ndi Fatimah. Ali m'kati kuseri kwa katani, ine ndili pakhonde ndayang'ana kumsewu, monga ziyenera kukhalira. Ndamuuza alembe chilichonse osadumpha. Pali mawu amene mpongozi sanganene kwa mkazi wa mwana wake, pakamwa sipalola. Ndiye ndikutuma iwe. Ukamamulembera mlamu wako, umuuze kuti bambo ako akuti ndinalakwa. Umuuze kuti ndinkamva usiku ndi usana akumutembenuza mwana wanga, ndipo sindinathokoze. Umuuzenso kuti makina osokera aja akufunika mafuta.

Apa anasiya kulemba, ndinamudikira.

Wayambanso. Kalatayi ndipita nayo kwa a Weston kuti andiwerengere ndisanamate. Si kuti ndikumukayikira. Ndi mmene ndimagwirira ntchito, kiyi ukadula umayesa.

Bambo ako,
Mwamadi

Mayi Zulaikha, ndine Weston. Ndawawerengera kawiri, zonse zili momwe ananenera. Pa mawu oti “ndinalakwa” anandiimitsa, ine ndimayesa akufuna tifufute. Akuti ndiwalozere pamene ali. Atayang'anitsitsa akuti inki yasungunuka pamenepo, mwina simuona bwino. Ndiye ndadutsitsaponso cholembera.